Kagalu si ng'ombe: chotsani nkhupakupa modekha

Alimi anzanga, sabata ino tipumule kaye pa nkhani za feteleza ndi mbewu. Ndikufuna tikambirane za kachilombo kamene ambiri timakapeputsa koma kakutha agalu m'makomo mwathu. Ndikunena nkhupakupa. Makamaka ndikufuna ndilankhule ndi inu amene mukusunga tiagalu tating'onoting'ono, tija taubweya wambiri tochokera m'tauni timene masiku ano tafika m'matuledingi senta ambiri, komanso inu amene galu wanu waswa kumene.

M'mwezi wa Febuluwale 2023 ndidali ku Balaka kukayendera minda ya thonje ya kalabu ina ya alimi. Ndidafikira pakhomo pa bambo wina wachikulire amene adali ndi kagalu koyera kamene mwana wawo adawabweretsera kuchokera ku Blantyre. Adzukulu ankakakonda kwambiri, koma m'makutu mwake nkhupakupa zidali mbwee. Tsiku limenelo tidaswera kumunda, ine ndikuphunzitsa kasungunulidwe ka mankhwala opopera thonje. Madzulo m'sipuleya mudatsala mankhwala pang'ono. Mnyamata wa pakhomopo adawakhuthulira m'beseni nasambitsa nawo kagalu kaja, ife tili pakhonde osadziwa kanthu.

Nkhupakupa zidayoyokadi. Koma ola lisanathe kagaluko kadayamba kutuluka dovu, kusanza ndi kunjenjemera. Tidakatsuka ndi sopo, koma mlangizi wa ziweto adali kutali ndipo msewu udali matope okhaokha. Kadafa usiku womwewo. M'mawa bambo aja adandifunsa mofatsa kuti: "Alangizi, kodi si inu mudati mankhwalawa amapha tizilombo tonse?"

Ndidasowa poyankha. Tsiku lonse ndidalankhula za mbozi za thonje, koma sindidanenepo liwu limodzi loti mankhwala otsala asayandikire chiweto. Phunziro la lero ndi ngongole imene ndidatenga tsiku limenelo.

Thupi laling'ono, magazi ochepa

Tiyambe ndi masamu. Galu amakhala ndi magazi okwana mamililita 80 mpaka 90 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Galu wamkulu wa makilogalamu 20 ali ndi magazi opitirira lita imodzi ndi theka. Koma kagalu ka makilogalamu 3 magazi ake onse sangadzaze botolo la Fanta la mamililita 300. Tsono nkhupakupa yaikazi ikakhuta, kulemera kwake kumawirikiza pafupifupi ka 100. Nkhupakupa makumi angapo zimene galu wamkulu angayende nazo osadandaula, kwa kagalu kapena mwanagalu zikhoza kutha magazi mpaka kufa.

Masamu omwewa amagwiranso ntchito pa mankhwala. Ng'ombe ya makilogalamu 300 imalemera kuwirikiza ka 100 kuposa kagalu kaja. Chimene ng'ombe ingapirire, kagalu sikangapirire. Kuwonjezera apo, chiweto chaching'ono chimakhala ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, choncho mankhwala olowa kudzera pakhungu amachuluka msanga m'thupi. Galu amadzinyambitanso, ndiye ena amalowa pakamwa.

Choncho kagalu kali pakati pa adani awiri: nkhupakupa ndi mwini wake wothamangira mankhwala. Njira yokapulumutsira kwa onse awiri imayambira m'manja mwanu.

Timudziwe mdani wathu

Nkhupakupa si gulu la nsabwe kapena nthata ayi. Ndi mbale wa kangaude. Moyo wake uli ndi magawo anayi. Imayamba ngati dzira. Dziralo likaswa mumatuluka kamwana kochepa ngati kanjere ka mchenga, ka miyendo 6. Kamwanaka kakayamwa magazi kamagwa pansi, n'kufundula, n'kukhala ka msinkhu wapakati ka miyendo 8. Kakayamwanso kamagwa n'kufundula kachiwiri, ndipo apa ndi pamene imakhala nkhupakupa yaikulu. Yaikazi ndiyo imatupa n'kukhala yotuwa ngati njere ya nsatsi. Ikakhuta imagwa, n'kubisala, n'kuikira mazira masauzande angapo, kenako n'kufa.

Nkhupakupa siuluka ndipo siidumpha. Imadikira pa udzu kapena mumng'alu, chiweto chikadutsa n'kukwera. Kukamwa kwake kuli ngati mkondo wokhala ndi timinga toyang'ana m'mbuyo. Ikaboola khungu imatulutsa zomatira zimene zimauma ngati simenti. Malovu ake amachititsa dzanzi kuti galu asamve kuwawa, ndiponso amaletsa magazi kuundana. N'chifukwa chake imakanirira chomwechi, ndipo ukaikoka mwaphuma imaduka.

Pa agalu athu timapeza kawirikawiri mitundu iyi.

Woyamba ndi nkhupakupa yofiirira ya agalu, imene akatswiri amaitcha Rhipicephalus sanguineus. Iyi ndi ya pakhomo penipeni. Imatha kuswana m'nyumba, m'ming'alu ya khoma, kuseri kwa kabati ndi pamene galu amagona, chaka chonse. Kukamatentha, kuchoka pa dzira kufika poikiranso mazira pamatha kutenga miyezi iwiri yokha.

Wachiwiri ndi nkhupakupa yachikasu ya agalu, Haemaphysalis elliptica. Iyi galu amaitola kutchire ndi m'maudzu. Tiana take timayamwa mbewa ndi makoswe.

Wachitatu ndi zija zikuluzikulu zamawangamawanga za mtundu wa Amblyomma ndi zija za miyendo yamizeremizere za mtundu wa Hyalomma. Izi kwenikweni n'za ng'ombe ndi mbuzi, koma galu wotsatira abusa kudambo amabwera nazo. Zili ndi kukamwa kwakutali ndipo zimasiya bala lalikulu, nthawi zina khungu lozungulira n'kuwola.

Si magazi okha amene zimaba

Kale anthu ankayesa kuti nkhupakupa imangoyamwa basi. M'chaka cha 1888 katswiri wa ku Romania, Victor Babes, adapeza tizilombo m'magazi a ng'ombe zimene zinkakodza mkodzo wofiira. Tizilomboti tidapatsidwa dzina lake, Babesia. M'chaka cha 1893 akatswiri awiri a ku America, Theobald Smith ndi Fred Kilborne, adatsimikiza kuti chimene chimanyamula tizilombo totere kuchoka pa ng'ombe ina kupita pa ina ndi nkhupakupa.

Agalu nawo ali ndi Babesia wawo. Kachilomboka kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaswa, mofanana ndi momwe malungo amachitira kwa munthu. Galu amatentha thupi, amakana kudya, amafooka, nkhama zake zimayera kapena kusanduka zachikasu, ndipo mkodzo umafiira kapena kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mtundu umene nkhupakupa yachikasu imafalitsa kuno kum'mwera kwa Africa, Babesia rossi, ndiwo woopsa kwambiri. Umatha kupha galu m'masiku ochepa.

Matenda ena ndi a kachilombo kotchedwa Ehrlichia canis, kamene kadadziwika koyamba ku Algeria m'chaka cha 1935. Kameneka kamafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira ija. Galu amatentha thupi, amaonda, maso amachita manthongo, ndipo ena amatuluka kamfuno. Matendawa amatha kubisala miyezi, galu n'kumaoneka ngati wachira, kenako n'kudzabuka mwamphamvu.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna muisunge. Nkhupakupa siipatsira Babesia pongoluma. Kawirikawiri imafunika ikhale ikuyamwa tsiku limodzi kapena awiri. Ehrlichia ndiye amalowa msanga, m'maola ochepa. Choncho kuchotsa nkhupakupa tsiku lomwe yakwera sikuthetsa chiopsezo chonse, koma kumachichepetsa kwambiri. Amene amafufuza galu wake tsiku lililonse wagula kale theka la mankhwala popanda kutulutsa tambala.

Kufufuza

Sankhani nthawi imene galu wadekha, monga atatha kudya. Khalani powala, kapena gwiritsani ntchito tochi ya pafoni. Yalani nsalu yoyera kapena thumba la feteleza lochapa bwino kuti chilichonse chogwa chioneke. Kagalu kakang'ono n'kosavuta chifukwa mukhoza kukaika pamiyendo.

Yendetsani nsonga za zala mosemphana ndi ubweya, kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Zala zimaona zimene maso saona, makamaka pa tiagalu taubweya wambiri. Malo amene nkhupakupa zimakonda ndi awa: mkati ndi kuseri kwa makutu, m'zikope, pansi pa chibwano, m'khosi pamene padutsa lamba, m'khwapa, m'mphechepeche, pakati pa zala za kumapazi ndi pansi pa mchira. Pakati pa zala ndi pamene ambiri timaiwala, chonsecho galu wotsimphina popanda bala nthawi zina vuto limakhala pamenepo.

Mukamva kotupa, patulani ubweya muone bwino musanakoke. Nkhupakupa ili ndi miyendo, ndipo imalumikizana ndi khungu pa kansonga kamodzi kokha. Bere la galu si nkhupakupa, ndipo kumbukirani kuti galu wamphongo nayenso ali ndi timawere. Njerewere si nkhupakupa. Chotupa chokhala ndi kabowo pakati, chotuluka timadzi, kawirikawiri ndi mphutsi ya ntchentche ija imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zoyanika. Imeneyo ili ndi kachotsedwe kake.

Zida zofunika

Zonse zimapezeka pa tuledingi senta. Mufunika kachitsulo kopanira kosongoka kukamwa, konga kaja amayi ena amazulira nsidze. Kakhale kosongoka ndithu, chifukwa kophwatalala kamafinya mimba ya nkhupakupa. M'masitolo ena a mankhwala a ziweto mumapezeka kangowe kapulasitiki kopangidwira ntchito yomweyi. Ngati zonsezi palibe, ulusi wolimba wosokera umagwira ntchito. Mufunikanso kabotolo kokhala ndi chotsekera momwe mwathira spiriti kapena parafini pang'ono, sopo, madzi oyera, ndi magolovesi. Popanda magolovesi valani kajumbo kumanja.

Pezani munthu wachiwiri wogwira galu, amene galuyo amamuzolowera. Ntchitoyi isasiyidwe kwa ana. Ngati galu ndi waukali, mumangeni kukamwa ndi kansalu kofewa kwa mphindi zochepa, koma osamanga galu amene akupuma movutikira kapena akusanza.

Kachotsedwe kake

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa ntchito iyi mwambiwu ndi lamulo.

1. Patulani ubweya kuti khungu lioneke. Ubweya ukachuluka unyowetseni ndi madzi kuti ugone.

2. Panani nkhupakupa pafupi penipeni ndi khungu, pamene kukamwa kwake kwalowera. Musapane pamimba. Mukafinya mimba ndiye kuti mwasandutsa nkhupakupa jakisoni, zonse zili m'kati mwake mukuzikankhira mwa galu.

3. Kokani molunjika, pang'onopang'ono, ndi mphamvu yosasintha. Musatsomphole ndipo musapotokole ndi kachitsuloko. Khungu litukuka ngati katenti. Gwirani chomwecho, werengani chamumtima, ndipo pakapita timphindi nkhupakupa isiya yokha.

4. Ngati muli ndi kangowe kapulasitiki kaja, kalowetseni cham'mbali pakati pa nkhupakupa ndi khungu, kwezani pang'ono, n'kuzungulitsa mbali imodzi mpaka itachoka. Kangoweka kokha ndi kamene kamaloledwa kuzungulitsa, chifukwa sikapana.

5. Ngati mukugwiritsa ntchito ulusi, pangani kamsampha, kakoleni pakhosi pa nkhupakupa pafupi ndi khungu, mangani pang'onopang'ono, kenako kokani nsonga zonse ziwiri molunjika.

6. Yang'anani nkhupakupayo ngati yatuluka ndi mutu wake, n'kuiponya m'kabotolo kaja. Musaitaye pansi. Yaikazi yokhuta mukaiponya pabwalo mwaithandiza ulendo umene imafuna kale, wokaikira mazira. Musaiphwanyenso ndi zikhadabo monga tidazolowera, chifukwa magazi ake akhoza kukhala ndi tizilombo togwira anthu.

7. Tsukani pabalapo ndi sopo ndi madzi. Ngati muli ndi mankhwala a ayodini otsukira mabala, pakani pang'ono. Pomaliza tsukani kachitsuloko ndi spiriti ndipo sambani m'manja.

Nkhupakupa zikakhala zambiri, musalimbane kuti zonse zithe nthawi imodzi. Yambani ndi zotupa, pumulani, mupatseni galu kachakudya, mupitirize madzulo. Galu akaona kuti pambuyo pa ntchitoyi pamabwera kakudya, mawa adzabwera yekha. Zimene zalowa mkati mwenimweni mwa khutu kapena zili m'mphepete mwa diso musiyireni mlangizi wa ziweto. Musatokose m'khutu ndi kamtengo kapena waya.

Nanga mutu ukatsalira?

Funso ili ndimalilandira kawirikawiri. Ena amati mutu ukatsalira umamera n'kukhalanso nkhupakupa, ena amati umayenda m'thupi mpaka kumtima. Zonsezi si zoona. Chimene chimatsala ndi kachidutswa ka kukamwa, ndipo n'chakufa. Ngati chikuoneka pamwamba, chichotseni ndi kachitsulo kaja monga muchotsera munga. Ngati chalowa, chisiyeni. Thupi limachitulutsa lokha pakapita masiku. Kukumba ndi singano kapena lumo kumabweretsa bala loposa la nkhupakupa. Kachotupa kolimba kotsala pamalopo kwa sabata imodzi kapena awiri si kodetsa nkhawa. Koma pakatupa kwambiri, pakatentha kapena pakayamba mafinya, pitani kwa alangizi a ziweto.

Zimene tiyenera kusiya

Kutentha nkhupakupa ndi machesi, ndudu kapena msomali wamoto. Ubweya umayaka msanga, ndipo mutentha galu nkhupakupa ili chikanirire.

Kupaka parafini, petulo, dizilo kapena oyilo wakuda wa galimoto. Izi zimawaula khungu, ndipo galu akanyambita zimamuwononga m'mimba ndi m'mapapo. Parafini malo ake ndi m'kabotolo, osati pa galu.

Kumata nkhupakupa ndi Vaseline kapena mafuta ophikira kuti ibanike. Nkhupakupa imapuma mwa apo ndi apo, choncho ikhoza kukhala maola ambiri ili yomatidwa, ikupitiriza kulavulira malovu m'thupi la galu. Mwangotaya nthawi imene inali yofunika.

Kusambitsa galu ndi mankhwala a kumunda. Opopera thonje, fodya, tomato kapena ndiwo zamasamba, othira m'chimanga chosunga, ophera chiswe, onsewa sadapangidwire khungu la chiweto. Mankhwala otsala m'sipuleya apoperedwe m'munda momwemo mpaka atha.

Kusambitsa kagalu ndi dibi wa ng'ombe. Dibi wambiri masiku ano amakhala ndi mankhwala otchedwa amitraz. Kwa tiagalu tating'ono kwambiri monga Chihuahua, kwa ana agalu ndi kwa amphaka, mankhwalawa ndi oopsa. Galu amaodzera, amadzandira, thupi limazizira ndipo mtima umagunda mochedwa. Alipo madibi ena olembedwa kuti ndi a agalu, koma mlingo wake ndi wolembedwa pabotolo, osati wa kapu yoyezera ndi maso. Mankhwala ogulitsidwa pamsika m'timabotolo topanda chikalata musagule. Safunsa adadya phula.

Ena andifunsa za ombwe, chitsamba chija ena amati mthuthu, chimene timalimbikitsa kubzala pobwezeretsa chonde m'nthaka. N'zoona kuti masamba ake amapha tizilombo ndipo alimi ena amasambitsira ng'ombe. Koma mphamvu yake siyifanana. Akatswiri adapeza kuti ombwe wina ali ndi poizoni wambiri pamene wina alibiretu, chonsecho pamaso amaoneka ofanana. Chinthu chimene simungachiyeze musachiyesere pa kagalu kodzinyambita. Kumbukirani kuti ombwe yemweyu amapha nsomba m'madzi.

Ngozi ikachitika, galu wathiridwa mankhwala olakwika, chitani izi msanga. Valani magolovesi, musambitseni ndi sopo ndi madzi ofunda ambiri, mupukuteni ndi kumufunditsa. Musamumwetse mokakamiza mkaka, mazira kapena mafuta, chifukwa akhoza kutsamwa. Thamangani naye kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto mutanyamula botolo la mankhwalawo. Chithandizo chimasiyana malinga ndi mtundu wa poizoni, ndipo dokotala sangadziwe choyenera popanda kuona chikalata.

Mankhwala oyenera

Sindikunena kuti mankhwala onse ndi oipa. Manja amachotsa nkhupakupa za lero, koma kuteteza galu ku za mawa kumafuna mankhwala opangidwira agalu. Choyamba muyezeni galu wanu. Muikeni m'thumba kapena m'dengu, mupemphe sikelo kwa ogula soya kapena mtedza, muchotsere kulemera kwa dengulo. Mlingo uliwonse umayambira pa nambala imeneyi.

Pali mankhwala odontheza pakhungu kuseri kwa khosi, pamene galu sangafike ndi lilime. Ambiri amakhala ndi fipronil ndipo pa nkhupakupa amateteza pafupifupi mwezi umodzi. Pali malamba a m'khosi okhala ndi mankhwala, amene ayenera kukhala a msinkhu wa galu wanuyo. Kuyambira cha m'ma 2014 kudabweranso mapiritsi otafuna, monga okhala ndi afoxolaner amene amagwira ntchito mwezi umodzi, ndi okhala ndi fluralaner amene amafika miyezi iwiri kapena itatu. Awa ndi okwera mtengo ndipo amapezeka kwambiri kwa madokotala a ziweto m'mizinda, koma pa kagalu kakang'ono mlingo wake umakhalanso wochepa.

Malamulo ake ndi awa. Werengani chikalata, chifukwa ambiri mwa mankhwalawa saloledwa pa mwanagalu wosakwana masabata 8 kapena makilogalamu 2. Musagule a galu wamkulu n'kumagawa ndi maso. Musaphatikize mitundu iwiri nthawi imodzi popanda kufunsa. Ngati galu wanu adakomokapo ngati wakhunyu, kapena ali ndi bere, kapena akuyamwitsa, nenani musanagule. Ndipo ngati pakhomo pali mphaka, dziwani kuti mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka.

Nkhondo yeniyeni ili pansi

Mlimi amene amazula kaufiti m'munda atachita kale maluwa amadziwa kuti mbewu zake zatsala m'nthaka. Nkhupakupa n'chimodzimodzi. Zimene mukuona pa galu ndi gawo laling'ono chabe. Zambiri zili m'ming'alu, m'zinyalala ndi m'maudzu, zina ngati mazira, zina zikufundula. Mukachotsa pa galu pokha, pakatha masiku atatu mudzaona ngati simudagwire ntchito.

Chiguduli kapena bulangeti limene galu amagonera lichapidwe ndi madzi otentha sabata iliyonse ndi kuyanikidwa padzuwa. Likakhala lachabechabe litentheni. Thirani madzi owira m'ming'alu ya pansi ndi m'munsi mwa khoma pamene galu amagona, kenako mateni ming'aluyo ndi dothi kapena simenti. Yang'ananinso m'mwamba, chifukwa nkhupakupa yofiirira imakonda kukwera khoma mpaka kudenga. Sesani tsiku lililonse ndipo zinyalalazo muzitenthe. Tchetchani udzu kuzungulira nyumba, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Disembala mpaka Epulo pamene nkhupakupa za kutchire zimachuluka. Chotsani milu ya njerwa ndi zinyalala momwe mumabisala makoswe. Nkhuku zoyenda pabwalo zimatola nkhupakupa zambiri, ndiye ndi antchito aulere.

Kagalu kasagone m'khola la mbuzi kapena ng'ombe, ndipo kasatsatire abusa. Ngati muli ndi agalu angapo, samalirani onse tsiku limodzi. Kuchotsa nkhupakupa pa kagalu ka m'nyumba n'kusiya mlonda wapanja ali nazo n'kutungira madzi m'dengu. Pakafunika kupopera m'nyumba ya galu, funsani mlangizi wa ziweto za mankhwala oyenera, ndipo galu ndi ana asalowemo mpaka mutauma.

Masabata atatu otsatira

Kuchotsa nkhupakupa si mapeto. Matenda aja amaonekera pakapita sabata imodzi mpaka atatu. Lembani tsiku pakalendala. M'mawa uliwonse kwezani mlomo wa galu muone nkhama. Za galu wathanzi zimakhala zofiirira bwino ndi zonyowa. Dinani ndi chala. Payera, koma mtundu uyenera kubwerera pasanathe masekondi awiri. Galu amene nkhama zake n'zakuda chibadwire, muoneni mkati mwa chikope cham'munsi. Kutentha kwa thupi la galu wathanzi ndi madigiri 38 mpaka 39, choncho kungomumva kufunda sikutanthauza kuti akudwala.

Pitani naye msanga kwa odziwa mukaona chimodzi mwa izi: nkhama zoyera kapena zachikasu, mkodzo wofiira kapena wakuda, kukana chakudya tsiku lathunthu, kugona osafuna kudzuka, kupuma mofulumira, kapena kamfuno. Pa kagalu kakang'ono musadikire kuti tione mawa. Funsani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu komwe mungapeze mlangizi wa ziweto. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA ndipo ku Blantyre kuli la BSPCA, amene ali ndi zipatala za ziweto. Kumeneko amatenga kadontho ka magazi kunsonga ya khutu n'kuyang'ana pa makina.

Matendawa amachizika akapezeka msanga. A Ehrlichia amafuna mapiritsi a doxycycline kwa masiku 28 osadumphitsa. A Babesia amafuna jakisoni. Koma pano ndichenjezepo. Jakisoni wa diminazene, uja wa ufa wachikasu amene ambiri mumamudziwa pa ng'ombe, pa galu malire ake ndi opapatiza kwambiri. Mukapyoza pang'ono, kapena mukabwereza pasanapite nthawi yokwanira, amawononga ubongo ndipo galu amafa. Musalole aliyense abaye kagalu kanu asanakayeze pasikelo. Musakapatsenso mankhwala a anthu opha ululu monga parasitamo kapena ibuprofen, chifukwa amawononga chiwindi, impso ndi m'mimba.

Nanunso dzisamaleni

Nkhupakupa zina zimaluma anthu. Zamawangamawanga zija zimafalitsa nthenda imene munthu amatentha thupi, mutu kuwawa, mwanabere kutupa, ndipo pamene yaluma pamasiya kachilonda kakuda. Poti zizindikiro zake zimafanana ndi malungo, mukapita kuchipatala nenani kuti mudalumidwa ndi nkhupakupa. Ana amene amasewera ndi kagalu muziwayang'ana m'mutu, kuseri kwa makutu ndi m'chiuno powasambitsa. Kagalu kokhala ndi nkhupakupa kasagone pamphasa ya ana.

Galu akakulumani pa ntchitoyi, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ichi n'chifukwa chinanso choti galu aliyense, ngakhale kochepa bwanji, alandire katemera wa chiwewe.

Ndidabwerera ku Balaka nyengo ya thonje yotsatira. Pakhomo paja ndidapeza kagalu kena, ndipo pawindo padali kabotolo ka parafini muli nkhupakupa zakufa ndi kachitsulo kopanira pambali pake. Bambo aja adandiuza kuti madzulo aliwonse, akamamvera nkhani pa wailesi, amakaika kagaluko pamiyendo n'kumakafufuza, ndipo ntchitoyo simatenga mphindi khumi. Ine kuyambira nthawi imeneyo, paliponse pamene ndaphunzitsa za kupopera mbewu, sindichoka ndisananene kuti mankhwala a kumunda ndi a kumunda basi.

Madzulo ano itanani galu wanu, yambani ndi makutu, malizani ndi pakati pa zala. Tikumanenso sabata yamawa pa tsamba lomwe lino.